Mmene mungakhalire katswiri wa madzi muli pa Tsangano

Kale ukatswiri wa madzi unkafuna sukulu. Masiku ano umangofuna wailesi, jekete la mphepo ndi benchi la m'tiyirumu. Ndakhala ndikumvetsera akatswiriwa pano pa Tsangano, chifunga chili tolo panja, mpaka ndaganiza zowalembera malamulo a ntchito yawo kuti olowa kumene asamavutike.

Lamulo loyamba: wolakwa nthawi zonse ndi munthu wa pa mageti ku Liwonde. Simunamuonepo, dzina lake simulidziwa, ndiye ubwino wake umenewo. Magetsi akazima, nenani kuti watseka kwambiri. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kukasefukira, nenani kuti watsegula kwambiri. Nyanja ikalowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, monga zinachitikira mu 2024, menyani tebulo n'kufunsa kuti madziwo akuwasungiranji ngati ndalama za banki m'khonde. Katswiri wokhwima amanena zonse zitatuzi asanamalize sikono imodzi.

Wina akakufunsani kuti magetiwo amagwira bwanji ntchito, yambani kutsokomola. Musalole kuti zidziwike kuti Kamuzu Barrage, pamene pali magetiwo, inamangidwa mu 1965, kuti Shire ndi mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, ndiponso kuti madzi omwewo akudikiridwa ndi makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mapampu a Walker's Ferry omwetsa mzinda wa Blantyre, ndi nzimbe za ku Nchalo. Bungwe la National Water Resources Authority limayenera kugawira onsewa, kwinaku likusungira chaka chimene mvula idzakane. Makamaka musatchule zoti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire kuleka kutulutsa madzi ake. Nkhani imeneyo imaziziritsa mkangano, ndipo ife tinabwerera mkangano.

Lamulo lachiwiri ndi lalitali chifukwa ndi limene limandiwawa: musayang'ane pansi pamene mwapondapo. Mitsinje yochokera m'mapiri a Kirk Range, monga Rivirivi ndi Lisungwi, imathira mu Shire kumunsi kwa Liwonde, kutanthauza kuti munthu wa pa mageti uja alibe nayo chochita. Woyang'anira mageti ake ndinu, ndi khasu lanu. Choncho limani mbatata ya kachewere mpaka mzere womaliza unyowe mumtsinje. Mizere iloze kumunsi kuti madzi a mvula asachedwe pa ulendo wawo. Mlangizi akabwera ndi nkhani ya akalozera ndi udzu wa vetiva, muombereni m'manja, mujambulitse naye chithunzi, akangokwera njinga yake yamoto pitirizani monga kale. Mtengo umene watsala pamwamba pa phiri ukusungulumwa, uthandizeni ukhale thumba la makala.

Mvula yoyamba ikagwa, imani pa mlatho muone mtsinje utafiira ngati thobwa la mawere. Umenewo ndi munda wanu ukupita ku Kapichira, pamodzi ndi feteleza amene munagona pa mzere kuti mugule. Kumeneko matope amadzaza dziwe la makina, anthu n'kumawakumba ndi ndalama zambiri. Madzulo ake magetsi akazima, bwererani ku lamulo loyamba.

Lachitatu: damu likauma, dabwani. Dabwani kwambiri, manja pamutu. Damu la Mpira, m'nkhalango ya Mvai m'boma lathu lomwe lino, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka, linauma mu 2018. Pamenepo mawu oyenera ndi akuti "kusintha kwa nyengo". Mawuwa ali ndi msana waukulu, amabereka aliyense: wootcha makala, wogula makalawo m'tauni, ndi amene anaona lole ikudutsa usiku n'kuyang'ana kumbali.

Apa nthabwala zikundithera. Mvula inachepadi zaka zimenezo, palibe akukana. Koma damu si mphika woti mvula ingogweramo. Limadalira nkhalango yogwira madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala, ndipo nkhalangoyo tinkaiona ikutsika phiri pa njinga, thumba ndi thumba. Amene anasenza zidebe mitunda yaitali mipopi itauma ndi amayi ndi ana asukulu, osati ife a pa benchi.

Malamulo otsalawa ndi achidule. Ngati muli mu ofesi, vuto la madzi a kumapiri likambidwe ku hotela ya kunyanja, masiku atatu, alawansi ikhalepo. Bzalani mitengo tsiku limene kuli atolankhani, mbuzi zidzapitiriza ntchitoyo. Mpopi wa pa mudzi ukamadontha, umangeni ndi lamba wa tchubu mpaka chaka cha chisankho.

Lomaliza ndi la m'dimba, ndipo ndinaliphunzira kwa mnansi wanga wa kumtunda, katswiri wamkulu pa benchi lathu. Mwezi wa Seputembala anadzaza mchenga m'matumba asanu a feteleza n'kutseka kamtsinje kathu konse, nalowetsamo payipi ya injini yake. Kabichi wake anafunga mitu ngati mipira, wanga kumunsi akugona chafufumimba. Nditapita kukadandaula ndinamupeza atakhala pa thumba limodzi, wailesi ili pakhutu.

"Achimwene," anatero, "mwamva zimene akuchita anthu a ku Liwonde? Munthu mmodzi kumangotseka madzi a dziko lonse!"

Ndinamufunsa kuti mageti akewo amatsegula liti. Anati akamaliza kuthirira, bola madzi akatsala.

Matumba anga ndagula kale, asanu ndi limodzi. A kumunsi kwanga sanadziwebe, ndipo benchi la m'tiyirumu lili ndi malo awo.