Mitu Mufiriji, Zigawo Zonse 10

Loweruka masana ndinakhala pa benchi ya mkulu wina wosoka nsapato ku Chilobwe, kudikira kuti andimatire soli. Pafupi pomwepo pali kashopu koikira mafilimu m'mafulashi ndi m'mafoni. Mnyamata wa pa kompyuta ankaitanira malonda mokweza mawu: "Dahmer alipo, zigawo zonse 10! Wamtima wofooka asayerekeze!"

Wa kabaza wina anatsamiritsa njinga pa polo ya magetsi n'kupereka fulashi yake. "Ndiikireni yonse, achimwene. Akuti muli zoduladula anthu."

"Zilimo. Mitu mufiriji, aise."

Mayi wogulitsa nthochi, amene anali chete nthawi yonseyi, anatula dengu lake pansi. "Ana inu, zimenezo n'zoseka? Amenewo ndi anthu enieni kapena n'zopeka?"

"Enieni, amayi. Za ku America. Komatu filimuyi ikudzudzula zoipa, ikuphunzitsa anthu kuchenjera."

"Nanga bwanji ukuitanira ndi mitu ya mufiriji? Bwanji osaitanira ndi phunzirolo?"

Mnyamata uja anangoseka, maso ali pa kompyuta.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ndi iyi. Jeffrey Dahmer anapha amuna ndi anyamata 17 pakati pa 1978 ndi 1991, ambiri mwa iwo mumzinda wa Milwaukee, ndipo ochuluka anali anthu akuda. Anagwidwa mu July 1991 munthu wina atathawa m'nyumba mwake unyolo uli lende kudzanja. Mu 1994 mkaidi mnzake anamupha kundende. Mu September 2022 kampani ya Netflix inatulutsa filimu ya moyo wake, yokonzedwa ndi Ryan Murphy, pomwe Evan Peters anasewera ngati Dahmer. M'masiku 60 okha anthu anali ataionera maola opitirira biliyoni imodzi.

Wosoka nsapato uja anachotsa ulusi kukamwa n'kuitana wa kabazayo. "Iwe mwana wanga, unamvapo za Kawisa?"

"Eya, madala. Wa konkuno ku Chilobwe. Agogo ankatiopseza naye tikachedwa kulowa m'nyumba."

"Chabwino. Tchula munthu mmodzi yekha amene anaphedwa nthawi imeneyo."

Panali zii. Ngakhale ine, amene ndimadziyesa wowerenga mabuku, ndinasowa dzina lotchula.

Mkuluyo anati anali kamwana ka pulayimale pamene kupha kuja kunayamba mu 1968. Kufikira 1970 anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo mu Blantyre muno, ena atadulidwa ziwalo. Mphekesera zinafala zoti boma likugulitsa magazi a anthu ku South Africa. Walla Laini Kawisa anagwidwa mu 1970, anavomera milandu, ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe. "Bambo anga ankagona nkhwangwa ili kumutu," anatero mkuluyo, akubaya chikopa ndi chisongole chake. "Chitseko tinkachitsekera ndi mtondo. Lero mwana aliyense akudziwa Kawisa. Amene tinkawalira aja anapita ndi maina awo. Ndiye tsiku lina adzabwere munthu ndi kamera, adzatenge nkhani imeneyi osafunsa eni maliro, inu muzidzaitanira pano kuti Kawisa alipo, zigawo zonse 10?"

Filimu ya Dahmer ndinaionera, ndipo sindinganame kuti yonse ndi yachabechabe. Muli malo amene imaluma pamene payenera kulumidwa. Mu May 1991 mnyamata wa zaka 14, wa banja lochokera ku Laos, anathawa m'nyumba ya Dahmer ali maliseche, akukha magazi, osatha kuyankhula. Atsikana achikuda amene anamupeza pamsewu anaimbira apolisi. Dahmer anauza apolisiwo mofatsa kuti ameneyo ndi bwenzi lake la zaka 19 ndipo waledzera. Iwo anakhulupirira mzungu woyankhula bwino, anatontholetsa atsikana aja, n'kumuperekeza mwanayo kubwerera m'nyumba momwe anaphedwa usiku womwewo. Apolisi awiri anachotsedwa ntchito, koma mu 1994 anabwezeretsedwa. Pamenepo filimuyi inandikwiyitsa moyenera, chifukwa inaonetsa kuti chigawenga chija chinakhalitsa kaamba koti ophedwawo anali anthu amene boma silinkawawerengera. Chigawo cha 6, chonena za mnyamata wosamva amene ankafunitsitsa kutukuka, chimakupatsa nthawi yomukonda munthuyo asanaphedwe.

Koma zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi zotsalazo. Dzina la pachikuto ndi la Dahmer. Ubwana umene tikuuona ndi wa Dahmer, kusungulumwa kwake, kukangana kwa makolo ake, magalasi ake aja. Kamera imakhala naye m'chipinda kwa nthawi yaitali, kuyang'ana mphika, firiji, mgolo wa pakona, mwakuti woonera amayamba kudikira kuti wotsatira aphedwa bwanji. Wa kabaza uja sanafunse za apolisi a ku Milwaukee. Anafunsa za kuduladula, ndipo okonza filimu ankadziwa kuti ambiri adzabwerera zimenezo. Patangotha mwezi filimuyi itatuluka, pa chikondwerero cha Halloween, anthu anayamba kugula zovala zoti aoneke ngati Dahmer, mpaka kampani yogulitsira zinthu pa intaneti ya eBay inaletsa malonda ake. Mu January 2023 Evan Peters analandira mphoto ya Golden Globe chifukwa cha filimuyi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mlongo wa mmodzi mwa ophedwawo. Mu 1992 mayiyu anaima m'khoti n'kumukalipira Dahmer mpaka kulusa, alonda kuchita kumugwira. Filimuyi inabwereza zonsezo, mawu ake, tsitsi lake, zovala zake. Iye ananena poyera kuti palibe amene anamufunsa, kuti poonera anamva ngati zikuchitikanso, ndiponso kuti bwenzi zili bwino ndalama zina zikanapita kwa ana a ophedwawo. Ryan Murphy anayankha kuti anayesa kulumikizana ndi achibale ndi anzawo a ophedwa pafupifupi 20 koma palibe anawayankha. Kwathu kuno maliro amakhala ndi mwini. Ngakhale mfumu siyamba mwambo mwinimbumba asanalole. Ukagogoda pakhomo la anamfedwa iwo n'kukhala chete, sulowa n'kuyamba kujambula.

Mayi wa nthochi anasenza dengu lake. Asanachoke anatembenukira kwa mnyamata wa pa kompyuta. "Mwana wanga, aliyense wa mufirijimo anabadwa kwa mayi ngati ine. Gulitsa, ndi ntchito yako, koma usamaseke."

"Ndamva, amayi," anayankha motsitsa mawu. Wa kabaza analipira, anaponya fulashi m'thumba la malaya n'kupalasa kulowera kumsika. Mkulu uja anandipatsa nsapato yanga, guluu akadanunkha, n'kundiuza kuti ndisaivale mpaka mawa.

Ndikuyenda kubwerera kunyumba ndinayesa kuwerenga pa zala maina a anthu 17 aja, ine amene ndinatha zigawo zonse 10. Sindinafike ngakhale pa asanu. Filimu yopeka ikhoza kulowa mumdima mmene ingafunire, poti palibe mayi amene akudikira mwana wake kunja kwa nkhaniyo. Iyi inatenga ana a anthu enieni, makolo ndi alongo awo akadali moyo. Kwa ine, Netflix inadyera pa maliro a eni, eniwo asanavomere.