Malangizo kwa Wolemba Nthano ya Opulumutsa Anthu Panyanja

Nthano yaitali ya opulumutsa anthu panyanja, ya mtundu uja wosakaniza chinsinsi ndi zoopsa, imafuna zinthu zinayi: boti, namondwe, mtembo ndi munthu mmodzi wabodza. Zina zonse n'zongokometsera. Mlembi sakakamizidwa kudziwa kusambira, ndipo kukwerapo boti la opulumutsa kumangomusokoneza, chifukwa akatero amayamba kulemba zoona, pomwe zoona za ntchito imeneyi zimagonetsa owerenga asanafike tsamba lakhumi.

Choyamba kusankha ndi gulu la opulumutsalo. Lotchuka kwambiri ndi RNLI, lomwe limagwira ntchito m'magombe a Britain ndi Ireland. Linakhazikitsidwa mu 1824 potsatira pempho la William Hillary, yemwe ankakhala pachilumba cha Isle of Man ndipo anatopa n'kuona sitima zikusweka pafupi ndi doko la Douglas. Gululi lili ndi masiteshoni opitirira 230, limadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino, ndipo ambiri mwa okwera maboti ake ndi ongodzipereka. Vuto loyamba lagona pamenepo. Masana anthuwa ndi aphunzitsi, mapulambala ndi ogulitsa m'sitolo, ndipo kachipangizo kam'thumba kakalira amasiya choko kapena sipanala n'kuthamangira kudoko. Mpangankhani wamkulu amene amaswera kutsegula mapaipi otsekeka sangagulitse buku. Mlembi amupatse mbiri ina: akhale munthu amene anachoka ku usilikali wa panyanja pa zifukwa zimene safuna kunena, koma adzazinena ndithu m'mutu wa 19.

Vuto lachiwiri ndi ntchito yeniyeniyo. Maulendo ambiri a opulumutsa amakhala okakoka boti lomwe injini yafa kapena dizilo watha, kukatenga anthu amene madzi awatsekera njira ali pathanthwe, kukabweza mwana amene mphepo yamukankhira pakati ali pachidole chopopa, ngakhalenso kukatola galu amene watsetsereka kuphompho. Siteshoni yotanganidwa kuposa zonse ya RNLI si ya pagombe lina lachifunga ayi, ndi ya Tower, pamtsinje wa Thames, pakati penipeni pa London. Pobwerako pamakhala kutsuka boti ndi madzi opanda mchere, kuthira mafuta, kuyanika zovala, kulemba lipoti ndi kumwa tiyi. Zonsezi mlembi azichotse. Asiye tiyi yekha, amene ali ndi ntchito ina kutsogoloku.

Woyendetsa boti ndiye mwini nthano. Mbiri inapereka kale chitsanzo chake: Henry Blogg wa ku Cromer, amene anatumikira zaka 53 mpaka 1947, anathandiza kupulumutsa anthu 873 ndipo analandira mendulo yagolide ya RNLI katatu. Tsoka lake, Blogg anali msodzi wa nkhanu wosakonda kulankhula, sankamwa mowa, sankasuta fodya, ndipo kusambira sanaphunzire. Munthu wotere m'buku alibe ntchito. Woyendetsa boti wam'nthano azimwa, banja lake likhale linatha, ndipo mchimwene wake akhale anamira zaka khumi zapitazo pamalo omwewo pamene sitima ya m'nkhaniyi idzavutikire. Aziyang'ana nyanja nthawi yaitali osaphethira, chibwano chili gwa.

Pambali pake pakhale makanika wachikulire amene amalankhula ndi injini mwaulemu kuposa mmene amalankhulira ndi anthu, ndipo watsala ndi sabata imodzi kuti apume pantchito. Owerenga ozolowera amayamba kumulira pomwepo. Pakhalenso mnyamata watsopano. Ntchito zake ndi ziwiri, kusanza ndi kufunsa mafunso, kuti anzake azimufotokozera zinthu zimene mlembi anawerenga dzulo pa intaneti.

Mkazi asasowe. Pano alembi amatsamira pa Grace Darling, mwana wa woyang'anira nsanja younikira sitima ya Longstone, amene mu 1838, ali ndi zaka 22, anapalasa bwato ndi bambo ake kukapulumutsa anthu a sitima ya Forfarshire. Anthu asanu ndi anayi anachotsedwa pathanthwe tsiku limenelo. Zitatero ojambula anakhamukira kwawo, anthu ankalemba makalata opempha tsitsi lake, ndipo m'zofotokoza zambiri bambo akewo anayamba kuchepa pang'onopang'ono. Mwambo wochepetsa wopalasa mnzake mlembi angautsate momasuka, kungoti masiku ano amaubweza: mkazi ndiye amawerenga mapu, kupeza sitima ndi kutulukira wakupha, koma pachikuto amajambulapo chibwano chija.

Chinsinsi chabwino ndi sitima yopezeka ikuyandama yopanda munthu. Gwero lake ndi Mary Celeste, imene amalinyero a sitima ya Dei Gratia anaipeza mu December 1872 pakati pa zilumba za Azores ndi Portugal. Inanyamula migolo 1,701 ya mowa waukali wogwiritsa ntchito m'mafakitale. Kaputeni Benjamin Briggs, mkazi wake, mwana wawo wazaka ziwiri ndi amalinyero asanu ndi awiri sanaonekenso, ndipo kaboti kothawira kanalibe. Mu 1884 Arthur Conan Doyle anatulutsa nkhani yopeka yochokera pamenepa, n'kusintha dzina kukhala Marie Celeste, ndipo anthu ena anaitenga ngati umboni weniweni. Ofotokoza a pambuyo pake anawonjezera chakudya chosiyidwa patebulo ndi tiyi wofuka nthunzi. Mawu omaliza olembedwa m'sitimamo anali a masiku oposa sabata m'mbuyo, kotero tiyi ameneyo anali wopirira modabwitsa. Komabe lamulo linakhazikika. Opulumutsa akakwera sitima yopanda anthu, mmodzi akhudze kapu ndi chala n'kuyang'ana anzake. Pasakhale wofunsa amene anakoleza moto.

Mdani wamkulu wa mlembi ndi zipangizo zamakono. Sitima zikuluzikulu zimanyamula AIS, imene imaulutsa dzina, malo ndi liwiro la sitima kwa aliyense wotchera khutu. Zimanyamula EPIRB, kachipangizo kamene sitima ikamira kamayandama n'kutumiza uthenga pa 406 MHz ku masetilaiti a Cospas-Sarsat. Pali GPS, palinso tchanelo 16 cha wailesi ya VHF chimene oyang'anira gombe amamvetsera usana ndi usiku. Zonsezi zikamagwira ntchito, buku limathera patsamba 12 aliyense atafunda bulangete. Choncho zife mutu wachitatu usanathe. Mphenzi ingathe kupha ziwiri. Chachitatu adule waya munthu wabodza uja. Chachinayi batire lithe, ndipo mlandu ugwere mnyamata wosanza. Mlembi waulesi angobweza nkhani yake m'mbuyo, isanafike 1999, chaka chimene dongosolo la mauthenga a ngozi panyanja la GMDSS linakhazikika kwathunthu ndipo sitima zinasiya kudalira zizindikiro za Morse.

Wailesi isafe isanapereke uthenga umodzi. Pa ndondomeko yake, wopempha thandizo amanena mawu oti Mayday katatu, kenako dzina la sitima, malo amene ili, chimene chavuta ndi chiwerengero cha anthu. M'nthano ndondomekoyi isinthidwe. Wolankhulayo afotokoze za mantha ake, atumize moni kwa mkazi wake, anene kuti wadziwa amene watsegula mavavu, ndipo wailesi iduke atangotchula chilembo choyamba cha dzinalo. Malo a sitima asanene, kuopa kuti angamupeze.

Za namondwe, akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma m'nthano imeneyi chimaimba kuyambira mutu woyamba: mbalame zathawira kumtunda, bondo la makanika likuwawa, nkhalamba ya m'bala yapukusa mutu. Mphamvu ya mphepo imayezedwa pa muyezo umene Francis Beaufort anakonza mu 1805, woyambira pa 0 kulekeza pa 12. Manambala a pansi pa 8 mlembi asawadziwe n'komwe. Pa 12 mphepo imathamanga makilomita 118 pa ola kapena kuposa, mpweya umadzaza thovu, ndipo munthu samva zimene mnzake akukuwa ali pafupi naye. Nthawi imeneyi ndiyo yabwino kuti awiri anong'onezane za chikondi.

Mlembi amene anakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, amene mwera amaudziwa bwino, akumbukire kuti nyanja yamchere ili ndi khalidwe lina: imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo ku Bristol Channel kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 12. Kwa amalinyero imeneyi ndi nkhani ya matebulo ndi masamu. Kwa mlembi ndi wantchito womvera, amene amabweretsa mtembo pagombe pa ola limene nkhani yayamba kuzizira, n'kufufuta mapazi a wakupha wapolisi asanamange nsapato.

Kuzizira kwa madzi kusamudetse nkhawa. Munthu akagwera m'madzi ozizira amayamba wabanika n'kupuma mothamanga, ndipo pakatha mphindi zochepa zala zimaleka kugwira. N'chifukwa chake RNLI imalangiza kuyandama chagada mpaka mpweya ubwerere, ndipo opulumutsa enieni amavala majekete oyandamitsa n'kudzimangirira kuboti. Mwini nthano avule jeketeyo asanadumphe, asambire theka la ola, akwere chingwe ndi manja okha, ndipo akafika pamwamba amenyane ndi amuna awiri.

Kufunafuna otayika nakonso kuli ndi masamu ake. Ofesi ya HM Coastguard, imene imatsogolera ntchitoyi ku Britain, imawerengera kumene mphepo ndi madzi zingakankhire munthu, ndipo maboti amayenda mizere yondondozana kapena mabokosi omakulirakulira mpaka dera lonse litatha. Njirayi imapeza anthu, koma m'buku ndi yosaloledwa. Wa muofesiyo akhale munthu wouma mtima wokonda mapepala, alamule boti kuti libwerere, ndipo woyendetsa boti azimitse wailesi, anunkhize mphepo n'kuloza chala kumadzulo. Botilonso lisakhale lamakono. La mtundu wa Severn, lotalika mamita 17, limathamanga makilomita pafupifupi 46 pa ola ndipo likagubuduzika limadzuka lokha, zomwe n'zokhumudwitsa. Likhale likukonzedwa, kuti atulutse lakale lamatabwa m'nyumba yosungira zinthu zakale.

Woipa wamkulu ndi mwini sitima amene akufuna ndalama za inshuwalansi. Apa mlembi asamale kuti asatengere zenizeni, chifukwa akuba enieni amachita zinthu zimene mkonzi sangavomere. Mu January 1980 sitima yonyamula mafuta ya Salem inamira kufupi ndi gombe la Senegal. Zinadziwika kuti mafuta ake ambiri anali atatsitsidwa mobisa ku Durban, nthawi imene mayiko ankakana kugulitsa mafuta ku boma la tsankho la South Africa, ndipo sitimayo inamizidwa dala. Chimodzi mwa zimene zinadabwitsa ofufuza n'chakuti amalinyero ake anapezeka m'maboti othawira ali ndi masutikesi olongedza bwino ndi masangweji. Woipa wam'nthano asakhale wopusa chotero. Iyeyo aziyenda ndi chinthu chimodzi chokha chomuulula, monga mphete, chimene mkazi uja anachiona patsamba 40 koma anachikumbukira patsamba 280.

Pampondachimera woipayo agwere m'madzi. Lamulo la panyanja limati wovutika aliyense athandizidwe, ndipo opulumutsa safunsa mbiri ya munthu asanamuvuule; kumanga anthu si ntchito yawo. Choncho mwini nthano atambasule dzanja kwa munthu amene anamiza mchimwene wake, azengereze ndime imodzi, kenako amukoke. Wovuulidwayo, m'malo monjenjemera, aulule zonse kwa masamba anayi, mosadumpha chaka.

Imfa yololedwa pakati pa opulumutsa ndi imodzi, ya makanika uja. Kupitirira pamenepo nkhani imafika kumene nthano zamtunduwu siziyenda. Pa 19 December 1981 boti la opulumutsa la ku Penlee, lotchedwa Solomon Browne, linapita kukathandiza sitima ya Union Star imene injini yake inafa kufupi ndi gombe la Cornwall. Linatenga anthu anayi, linabwereranso kukatenga otsala, ndipo wailesi yake sinamvekenso. Anthu 16 anafa, asanu ndi atatu mwa iwo ali opulumutsa a m'mudzi umodzi wa Mousehole. Usiku umenewo woyendetsa boti, Trevelyan Richards, anakana kutenga anthu awiri a banja limodzi. Panalibe wodula waya, panalibe mphete, madzi a m'nyanja anangolowa m'mafuta a injini. Mlembi wa zinsinsi nkhani imeneyi aisiye, popeza mulibe munthu woti amuvule chinyawu m'mutu womaliza.

Chatsala ndi chikuto ndi dzina. Pachikuto pakhale funde lotalika kuposa boti katatu ndi nsanja younikira, ngakhale nsanjayo isapezeke paliponse m'bukumo. Dzina likhale ndi mawu awiri mwa awa: mafunde, mdima, chinsinsi, omaliza. Ngati osindikiza akufuna buku lachiwiri, woipa uja atsetsereke m'boti polowa padoko ndipo mtembo wake usapezeke. Papezeke nsapato imodzi yokha, yakumanzere.