Akatswiri Anayi pa Msika wa Limbuli

Karl Marx anatulutsa buku lake la Das Kapital mu 1867 asanaione sikelo ya venda wa pa Limbuli. Akadaiona, bukulo likadakhala lalifupi. Iye ankati thukuta ndi la wantchito, phindu ndi la mwini chuma. Nayu bambo wakankha njinga ya matumba atatu a chimanga kuchokera ku Milange, wawoloka pa Muloza, malaya ali chonyowa. Venda ali phee pamthunzi. Sikelo yake pogula imadwala, pogulitsa imachira. Mayi wothyola tiyi kuesiteti akadamuonjezera Marx mfundo zina, kungoti kapitawo akuyang'ana.

Émile Durkheim wa ku France ankati miyambo ndiyo imamanga anthu pamodzi. Pamaliro timamangikadi, ndipo chingwe chake ndi kope la chipepeso. Aliyense amasuzumira kuti dzina lake lalembedwa bwino. Wolira mokweza kuposa onse ndi uja anakaniza malemu ngongole ya feteleza. Wojomba maliro a anzake amakumbutsidwa mwaulemu kuti adzukulu nawo sachedwa kudwala msana.

Erving Goffman analemba mu 1956 kuti moyo ndi sewero: pali pabwalo, pali kuseri. Pabwalo pali achimwene obwera ku Joni, jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, makiyi a galimoto ali lende palamba.

"Galimotoyo ili kuti, achimwene?"

"Eish, mapepala akuvuta pa boda."

Chaka chachitatu tsopano mapepala akuvutabe. Kuseri, madzulo, akunyengerera wakabaza kuti alipira mawa.

Pierre Bourdieu, mu 1979, anati zimene munthu amadya ndi kuvala zimalengeza gulu lake. Kalaliki wina akaona kalongonda pamsika amakwinya nkhope: "Zimenezi ine zimandipweteka m'mimba." Nanazi amadya choduladula pambale, ndi foloko. Koma ukafika mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, makamera ali pomwepo, m'mimba muja mumachira, mbale ziwiri zimatha, ndi Chilomwe cha mawu atatu chimatuluka.

Mtsikana wina atamaliza digiri ku Zomba anakhala pakhonde n'kuwafotokozera agogo ake zonsezi: za sikelo, za kope, za makiyi, za kalongonda. Agogo anamvetsera uku akusenda nandolo.

"Azungu akowo anafikako kuno?"

"Ayi, agogo."

"Nanga za mwana wa a Nangozo wa makiyi uja anawauza ndani?"

"Ndi sayansi, agogo. Amachita kafukufuku."

Agogo anapukusa mutu. "Mbuzi zanga zinayi zinapita ku fizi kuti ukaphunzire miseche? Ukadangopita nane kuchigayo."