Ulemu kwa Agogo a Hondamatic, Osamwa Oyilo Wachisawawa

Njinga zamoto zothamanga ndi zonyezimira zili nawo kale oziyimbira nthungululu. Lero tiyeni tivulire chipewa nkhalamba imene anthu anaikana ili yatsopano, ndipo tsopano ikubwezera chipongwecho pa aliyense woisunga. Ndikunena agogo athu a Honda CB750A, odziwika bwino kuti a Hondamatic, obadwa mu 1976. Liwiro alibe, dzimbiri linawapeza kalekale, koma ali ndi khalidwe limodzi limene anthu opanda ulemu amalitcha matama pomwe ndi ufumu weniweni: agogowa samwa oyilo wachisawawa.

Kampani ya Honda inawapanga poganizira makamaka anthu a ku America omwe mtima unkafuna njinga yamoto koma dzanja lamanzere likuopa kilatchi. Choncho chogwirira cha kilatchi anachichotsa, magiya anasiya awiri okha, mphamvu ya injini anaichepetsanso. Dzina anawapatsa la otomatiki, komatu giya umasinthabe wekha ndi phazi. Ndani wina angalandire udindo, ntchito yake n'kusiyira mnzake, iye n'kumatchedwabe bwana? Ogula sanaumvetse ukulu umenewu, moti pofika 1978 Honda inasiya kuwapanga. Ang'ono awo, CB400A, CM400A ndi CM450A, anayesetsa kusunga dzina la banja mpaka 1983, nawonso n'kugonja. Otsala lero ali m'magalaja a anthu ouma mutu omwe ankafuna njinga yosavuta. Walira mvula walira matope.

Ukulu wa agogo uli m'mimba. Pa galimoto ya otomatiki, injini imakhala ndi oyilo wake, giyabokosi ndi wakenso. Agogo tsankho limenelo analikana. Oyilo mmodzi yemweyo ndiye amateteza zitsulo za injini kuti zisadyane. Ndiye amathandiza mphepo kuziziritsa, poti radiyeta palibe. Ndiye amakankha timakilatchi ta m'kati tomwe timagwira giya. Ndiyenso amanyamula mphamvu kuchoka ku injini kupita ku tayala, kudzera mu torque converter. M'chigoba chimenechi muli mawilo a mapiko oyang'anizana koma osakhudzana: lina limazungulira ndi injini n'kumaponya oyilo, linzake limamulandira n'kuyamba kuzungulira nalo. N'chifukwa chake Honda inachotsa thanki ya oyilo ya pambali yomwe CB750 wamba inali nayo, oyilo yense n'kumamusunga pansi pa injini. Oyiloyu ndi mkamwini weniweni: kulima ndi iye, kufolera nyumba ndi iye, kutema nkhuni za pamaliro ndi iye, ndipo chikalakwika pakhomo mlandu ndi wake. Wantchito wotere sungangomutola panjira.

Apa m'pamene agogo amasandukira mphunzitsi. Mayeso awo oyamba ndi oyilo wofiira uja wa ATF, wa m'giyabokosi ya magalimoto a otomatiki. Munthu akangomva kuti otomatiki amathamangira ameneyo. Pa Moto Guzzi V1000 Convert ya ku Italy, yomwe inatuluka mu 1975, akhoza kukhala kuti wakhoza, chifukwa kumeneko torque converter ili ndi thanki yakeyake ya oyilo wofiira. Koma pa agogo athu, kuthira ATF ndiko kumwetsa injini yonse zinthu zopyapyala zomwe sizinapangidwire moto wa mapisitoni. Funso ndi lomwelo, yankho ndi lina, ndipo wolakwa salembanso mayeso, amagula injini.

Mayeso achiwiri ndi oyilo wa magalimoto amakono. Opanga amathiramo mankhwala otereretsa kuti galimoto isamadye petulo wambiri, ndipo kuseri kwa botolo amalembapo Energy Conserving kapena Resource Conserving. Koma kilatchi yosambira m'oyilo ntchito yake ndi kugwira. Ikayamba kuterereka, injini imabangula mtunda uli pomwepo, liwiro osaoneka. Vutoli ndi limene linachititsa kuti mu 1998 a ku Japan akhazikitse mlingo wa JASO T903. Oyilo wolembedwa MA ndi wa njinga za kilatchi yonyowa, wa MB ndi woterera, wopangidwira masikuta, ndipo mu 2006 kunabwera MA2 wogwira kwambiri. Agogo ndi akulu kuposa lamuloli ndi zaka 22. Buku lawo limangotchula 10W-40 ndi mlingo wa SE, womwe unatha ntchito kalekale. Zotsalazo mwini adzionere yekha.

Ndipo amadzioneradi. Kamupezeni m'sitolo ya zipangizo Loweruka m'mawa. Magalasi wawakwezera pamphumi, botolo walitembenuza, chala chikuyenda pa timalemba tating'ono ta kuseri, milomo ikung'ung'udza. Walibweza pa shelefu, watenga lina, walibwezanso. Wogulitsa anayamba ndi kumwetulira, tsopano wagwira tsaya. Bambo ameneyu kusukulu sayansi ankaithawira pawindo, koma lero akufotokozera mlendo za ZDDP, mankhwala a zinki ndi fosifolasi omwe amateteza kamushafuti ya injini zakale. Akudziwa kuti mankhwalawa anawachepetsa m'oyilo wa magalimoto chifukwa amawononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, ndiponso kuti mu 2004 fosifolasi anamuikira malire a 0.08 peresenti. Akudziwa kuti nambala ya kutsogolo kwa W imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, ndipo yachiwiri imanena kukhuthala kwake pa madigiri 100. Zimene aphunzitsi analephera ndi ndodo, agogo azikwanitsa ali chiimire m'galaja, osalandira ndi tambala yomwe.

Ena amati agogowa amayambanitsa anthu. Ine ndimati amamanga mipingo. Ulipo mpingo wa 10W-40, womwe umati zimene linanena buku sizisintha. Ulipo wa 20W-50, womwe umalalikira kuti injini yokalamba mipata yake yakula, ndiye kukatentha imafuna oyilo wokhuthala. Otsutsana nawo amayankha kuti oyilo wokhuthala amachedwa kufika pamwamba pa injini m'mawa kukazizira, nthawi yomwe zitsulo zimadyana kwambiri. Ulipo wa oyilo wa malole a dizilo, wa 15W-40 monga Shell Rotella, womwe uli ndi otsatira ambiri ku America. Pamwamba pa yonse pali mpatuko waukulu wa synthetic ndi mineral: awa akuti synthetic amapirira kutentha, awo akuti amatsuka litsiro lomwe linkatseka mipata ya magasiketi akale, njinga n'kuyamba kudontha. Amuna omwe sakanapatsana ndi moni womwe amatha usiku wonse akutsutsana, m'mawa wina n'kubwereka mnzake sipanala. Mkangano wotere ndi ubale ndithu.

Za kudontha nazonso tisazione molakwika. Pansi pa agogo aliyense pamakhala katoni yoyalidwa bwino, ndipo pakatonipo pamakhala kadontho kakuda kozungulira, kokula pang'ono tsiku lililonse. Adani amati ndi uve. Komatu njinga zamakono zimabisa mavuto awo mpaka tsiku lokugwetsa pakati pa ulendo, pomwe agogo amalemba lipoti usiku uliwonse. Dontho likaoneka, ndiye kuti oyilo alimo. Likasowa, gwada msanga, solola kandodo kopimira, upukute, ubwezere, uonenso. Kodi ndi angati m'maofesi mwathu omwe amapereka lipoti loona chonchi popanda kuwakumbutsa?

Chiphunzitso chawo chimafika mpaka pa siteji ya kabaza. Njinga zambiri zomwe anyamata athu amanyamulira anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre nazo kilatchi yake imasambira m'oyilo wa injini. Kusiyana kwake n'kwakuti izo n'zofatsa: uzithire wa galimoto, uzithire wa m'botolo lopanda chizindikiro la m'mbali mwa msewu, zimangopirira mpaka tsiku lomwe kilatchi idzapserere pa chitunda, kasitomala ali kumbuyo. Amakaniko oti "oyilo ndi oyilo, bwana" sanakumanepo ndi agogo. Akanakumana nawo, bwenzi akuwerenga kuseri kwa botolo ngati anzawo.

Chomwe agogo amafuna kwenikweni n'chochepa mochititsa manyazi: 10W-40 wolembedwa JASO MA kapena MA2, wofika pa mzere wake, wosinthidwa msanga pamodzi ndi sefa yake asanade bii. Dzina la kampani sawerenga, mtengo safunsa. Koma yankho lalifupi chonchi silingakhutitse munthu amene wagula mabotolo a mitundu yonse, ndiye kafukufuku amapitirira. Mwezi uno akuyesa uyu, mwezi wamawa akumukhetsa kuti ayese uja, dzinja likubwera akudikira gasiketi yochokera kunja. Pamenepa m'pamene pali mphatso yaikulu ya agogo kwa mtundu wa anthu. Njinga zamoto zimavulaza okwera tsiku ndi tsiku, koma mwini Hondamatic amakalamba miyendo yonse ili yathunthu, chifukwa nthawi yokwera sanaipezebe. Akusankha oyilo.