Tsabola wakale sawawa, koma amalandira malipiro

Akuluakulu athu anati tsabola wakale sawawa. Anaunena mwambiwu ali pamphasa, osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja, ku America, kudzakhala anthu a masuti amene chaka ndi chaka, dzinja lawo likafika, azidzasowa nawo tulo. Anthuwo ndi eni matimu a baseball. Funso lawo ndi limodzi: mnyamata wathu uja watigwirira ntchito zaka zambiri, lero wakwanitsa zaka 30 ndipo kontirakiti yake yatha. Timupatse ina yaitali, kapena timutsanzike mawondo ake asanayambe kulira?

Kwa amene simunaonerepo masewerowa, nkhani yake ndi yotere. Wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro kuzungulira bwalo. Akakamenya mpaka kudumpha mpanda, imeneyo ndiye home run, ndipo amazungulira mwachifatse anthu akukuwa. Kutali uko, chakumpanda, kumaima amuna atatu ovala chikopa kudzanja limodzi, ntchito yawo kuwakha mpira usanagwe pansi. Mlendo angaganize kuti ndi alonda olembedwa kudikira udzu kuti usabedwe, chifukwa nthawi yambiri amangoima. Koma mpira ukauluka, munthu amayenera kuthamanga maso ali kumwamba, khoma likumudikira kutsogolo. Timu iliyonse imasewera magemu 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Ntchito imeneyi imadya miyendo.

Tsono malamulo a ligi yawo yaikulu, Major League Baseball, anakonzedwa ngati kuti cholinga chake chinali kuyesa mwambi wathu. Wosewera akalowa mu ligi, timu imamusunga zaka 6 asanaloledwe kudzigulitsa kwa aliyense amene akumufuna. Pa zaka zitatu zoyamba ambiri amalandira malipiro otsikitsitsa amene ligi imalola. Ambiri amamasuka ali ndi zaka 29, 30 kapena 31, pamene zaka zawo zokoma zatha kale kapena zili kumapeto. Ndiye kuti tsabola akadali wofiira pamtengo, amagulidwa pa mtengo wozizira. Akayamba kufota, m'pamene amapita naye kumsika, ndipo ogula amalimbirana. Mu mpira wamiyendo FIFA salola kontirakiti yopitirira zaka 5, pokhapokha malamulo a dziko atalola. Mu baseball mulibe malire otero, ndipo ndalama ikasainidwa yasainidwa: munthu avulale, anenepe, aiwale kumene chibonga amagwirira, malipiro ake kawirikawiri amafika basi.

Funsani masapota a New York Mets. Mu Julayi 2015 timuyi inatenga Yoenis Céspedes, mnyamata wa ku Cuba, kuchokera ku Detroit. Pa magemu 57 okha anamenya ma home run 17, ndipo Mets inafika mu World Series, mpikisano womaliza wolimbirana ukatswiri. Mzinda wonse unamukonda. Mu Novembala 2016, ali ndi zaka 31, anamusainitsa kontirakiti ya zaka 4 ya $110 miliyoni. Mu 2017 anasewera magemu 81. Mu 2018 anasewera 38, kenako madokotala anamuchita opareshoni zidendene zonse ziwiri. Mu Meyi 2019, akuchira, anathyoka kakolo pa famu yake ku Florida, ndipo nyuzi za ku New York zinadzaulula kuti pa ngoziyo panali nguluwe. Inde, nguluwe yeniyeni, ya mano otuluka kunja. Chaka chimenecho sanapondeko m'bwalo, ndipo timu inakambirana naye mpaka kumudula malipiro. Mu 2020 anasewera magemu 8 n'kusiya. Akatswiri a masamu amene timu zimalemba ntchito amayeza liwiro la chibonga, amayeza mtunda umene munthu amathamanga pa sekondi, amayeza ngakhale tulo. Nguluwe sinali mu kompyuta ya aliyense.

Mets yomweyo ili ndi tsiku lake lachikumbutso limene palibe boma linalikhazikitsa. Kumayambiriro kwa chaka cha 2000 inafuna kuchotsa Bobby Bonilla, amene mphamvu zinali zitamuthera, koma inali ndi ngongole naye ya $5.9 miliyoni. Mmalo molipira pomwepo, anagwirizana zoti ayambe kulipira mu 2011, ndi chiwongoladzanja cha 8 peresenti. Eni timu panthawiyo anali ataika ndalama zawo kwa Bernie Madoff, amene pambuyo pake anadzagwidwa kuti anali kathyali wamkulu. Zotsatira za mgwirizanowo n'zakuti pa 1 Julayi chaka chilichonse, kuyambira 2011 mpaka 2035, Bonilla amalandira pafupifupi $1.19 miliyoni. Anasiya kusewera mu 2001. Cheke chomaliza chidzamupeza ali ndi zaka 72. Tsabola ameneyu sawawanso pakamwa pa adani. Amawawa m'thumba la mwini munda.

Pofika apa wina anena kuti nkhani yatha, makolo analondola, aliyense wa zaka 30 apatsidwe njinga ndi kalata yothokoza. Dikirani kaye. Mu Disembala 1965 mwini timu ya Cincinnati Reds, Bill DeWitt, anaganiza chimodzimodzi. Anayang'ana Frank Robinson, katswiri wake wa zaka 30, n'kuona kuti thupi lake lakalamba kuposa zaka zake, ndipo anamusinthanitsa ku Baltimore Orioles. Chaka chotsatira nkhalambayo inamenya ma home run 49, inatsogola American League (limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu ija, linalo ndi National League) pa ziwerengero zitatu zikuluzikulu za omenya mpira, inasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'gawolo, ndipo Baltimore inatenga World Series posagonja gemu ngakhale imodzi kwa Los Angeles Dodgers. Robinson anasewerabe mpaka 1976. Anthu a ku Cincinnati anaphunzira kuti tsabola wina akauma m'pamene amayetsemulitsa mudzi wonse, ndipo woyamba kuyetsemula amakhala amene anamutaya kudzala.

Mantha awiri amenewa, a nguluwe ndi a Robinson, ndiwo anagwiritsa njakata New York Yankees mu 2022. Magemu a chaka chimenecho asanayambe, anapatsa Aaron Judge, chimphona chotalika mamita awiri, kontirakiti ya zaka 7 ya $213.5 miliyoni. Iye anakana. Anthu ena anati wapenga. Kenako anamenya ma home run 62, kuphwanya mbiri ya 61 imene Roger Maris anaika mu American League mu 1961. Mtengo unakwera mwini timu akuonerera. San Francisco Giants, timu ya kufupi ndi kwawo ku California, inayamba kumukodola. Mu Disembala, Hal Steinbrenner, mwini wa Yankees, anasaina: zaka 9, $360 miliyoni, kutanthauza $40 miliyoni pa chaka, mpaka 2031 pamene Judge adzakhale ndi zaka 39. Anamuvekanso ukaputeni.

Mu Juni 2023, ku Dodger Stadium, Judge anathamangira mpira, anauwakha bwinobwino, n'kukawomba mpanda. Chimene chinavulala ndi chala chachikulu cha kuphazi. Munthu wa $360 miliyoni anakhala pansi pafupifupi miyezi iwiri chifukwa cha chala chimodzi, ndipo Yankees inalephera kufika m'ndime ya chipulula. Okhulupirira mwambi anayamba kugwedeza mitu. Mu 2024 anamenya ma home run 58 n'kusankhidwa kachiwiri kukhala wopambana onse mu American League, mitu ija inasiya kugwedera. Mu World Series ya chaka chomwecho, Yankees ikutsogola 5-0 pa gemu yachisanu, anagwetsa mpira wosavuta umene unabwera wokha m'chikopa chake, Dodgers inabweza zigoli zonse zisanu n'kutenga chikho usiku womwewo, mitu inayambiranso. Mu 2025 anasankhidwa kachitatu. Makosi a anthu a ku New York atopa.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu ophunzira, odziwa kuti miyendo siimvera kontirakiti, amasainabe zaka 9? Sikuti amakhulupirira kuti munthu wa zaka 39 adzathamanga ngati wa 29. Akudziwa. Chimene amagula ndi zaka zinayi kapena zisanu zoyamba, koma ndalama yake amaimwaza pa zaka zambiri. Ligi imalipiritsa msonkho timu imene malipiro a osewera ake onse apitirira malire a chaka, ndipo powerengera imatenga ndalama yonse ya kontirakiti n'kuigawa ndi zaka zake. Zaka zikachuluka, chiwerengero cha pa chaka chimatsika. Zaka zomalizira zija ndi ngongole chabe yovala yunifolomu. Ndiponso pali mpando wa ndalema umene American League inakhazikitsa mu 1973, National League n'kutsatira mu 2022: wosewera mmodzi amaloledwa kungomenya mpira osapita kukalonda kumpanda. Ulendo wa mkulu aliyense umadziwika. Amayambira pakati pa bwalo, pamene pamafunika liwiro. Amasunthidwira kumbali. Kenako amapatsidwa mpando uja, kuimirira kanayi pa gemu n'kukhalanso. Vuto lake mpandowo ndi umodzi pa timu, pamene akuluakulu oufuna amatha kukhala atatu.

Palinso masapota, amene amafuna zonse ziwiri. Mu Disembala amalumbira kuti timu ikamulola kupita sadzapondanso m'bwalo. Patatha zaka zisanu, anthu omwewo amaimba foni pa wailesi kufunsa kuti ndani anasainitsa nkhalamba imeneyi. Mwana amene anagulidwa jezi ya dzina la katswiriyo ali sitandade 3 amafika ku sekondale katswiri akadali pa malipiro, ndipo amayamba nawo kumukuwiza.

Chigamulo changa n'chakuti mwambiwu ngwoona kwa osewera ambiri, ndipo mwini timu aliyense amadzinamiza kuti wake yekha ndiye Frank Robinson. Ngati wosewera wanu amadya ndi miyendo, mpatseni ndalama zambiri pa zaka zitatu, mumuthokoze pagulu, mudzakambiranenso zikatha. Ngati amadya ndi chibonga ndipo m'badwo wonse mulibe wofanana naye, monga Judge, sainani zaka zimene akufunazo, koma muuziretu masapota kuti zitatu zomalizira n'zobweza ngongole, asadzakuvutitseni. Ndipo musanasaine chilichonse, mufunseni ngati ali ndi famu, ndiponso kuti kufamuko kumayenda nyama zanji.