Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Amene anayambitsa mwambi wakuti "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko" ayenera kuti anauganiza m'mwezi wa Juni. Mu Okutobala mwambiwu ulibe ntchito, makamaka kuno ku Balaka, chifukwa anthu amagona pakhonde ndipo chitseko chimachezera chili pululu. Koma mu Juni, kamphepo kakamalowera kunsi kwa chitseko, bulangete lili limodzi anthu atatu, nkhani ya yemwe adzuke kukachotsa mpiringidzo imakula. Akuluakulu anaigamula kalekale: amene zamuvuta m'mimba ndi yemweyo adzuke. Anzako akhoza kukumvera chisoni, koma chisonicho amachimvera m'bulangete.

Mwambiwu wapeza ntchito yatsopano pa njinga zamagetsi. Njingazi zidakali zowerengeka m'misewu yathu. Pa siteji ya kabaza pa Liwonde kapena pa Mangochi Turn-off ufumu udakali wa Lifo ndi anzake akumwa petulo, komanso wa njinga yakapalasa imene mafuta ake ndi nsima. Komabe mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi ya kumapeto kwa 2024, muja anthu ankagona m'magalimoto kudikira thanki, inapangitsa ambiri kuyamba kuwerengera. Ku Kigali kampani ya Ampersand, ndi ku Nairobi ya Roam, akhala akukweza anyamata akabaza njinga zamoto zoyendera batire kwa zaka ndithu. Kuno wina amaitanitsa yake, wina m'bale wake wa ku Joni amamutumizira mota ndi batire zoti amange pa njinga yakale. Ndipo munthu wa pa Liwonde ali ndi ufulu wonse wokwera magetsi, poti madzi amene amazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadutsa pakhomo pake, pa Kamuzu Barrage, imene yakhala ikuwongolera madzi a Shire kuyambira mu 1965. Zoti magetsiwo akapangidwa amakumbukira kubwerera kudzathokoza, imeneyo ndi nkhani ina.

Ubwino wa njinga yamagetsi ndi womwenso uli tsoka lake: ndi yachete. Njinga ya petulo ikhoza kudwala matenda asanu ndi awiri mwini wake osadziwa, chifukwa injini imaphimba zonse. Tcheni ikulira, nati inagwa kalekale pa Ulongwe, madigadi akuwomba m'manja, koma dalaivala akungoimba mluzu. Yamagetsi ilibe chobisira. Kanthu kakangoti "tche", mwini wake wamva. Ndiye tsiku lina mu Julayi, chiperoni chitakuta mapiri a Chikala, munthu anyamuka m'mbandakucha, ndipo pansi pa kaliyala pakumveka kulira kwachilendo. Ayenda mphindi khumi, zii. Masana onse, zii. Mawa lake m'mawa, kulira kuja kwabweranso, nthawi yake yomweyo.

Apa m'pamene munthu amafuna kutuma wina kuti akam'tsekulire chitseko. Apita kwa makanika. Koma makanika satsekula shedi dzuwa lisanafunde, ndipo pofika nthawi imeneyo njinga yachira kale.

"Achimwene, njingayi ikulira."

"Ikumalira bwanji, bwana?"

Funso limeneli latsitsa ulemu wa anthu ambiri. Bambo wa ana anayi, wolemekezeka kumzikiti kapena kutchalitchi, aime pagulu, akunge milomo n'kuyamba: "Imati grrr, grrr, kenako kwii." Ana ogulitsa mandasi asiya malonda kudzaonerera. Makanika akwera njinga ija, afika pa mlambe uko, abwerera, atsika mwaulemu.

"Bwana, njingayi ilibe mlandu. Mwina ndi makutu."

Musamukwiyire. Sakunama, sanamve kanthu. Matenda obwera n'kupita ali ndi mboni imodzi yokha, ndipo mboniyo ndi inu. Kuchimbudzi satumirana.

Makanika akalephera, nkhani imapita ku komiti ya pa siteji, imene sikusowa mayankho. Wina ati ndi nsanje, anthu sakondwa kuona mnzawo akudutsa pa filing'i siteshoni osayang'anako. Wina ati anakugulitsani batire yabodza. Ankolo ena, amene anayendetsapo thirakitala pa esiteti ya fodya, ati muthiremo oyilo wa injini basi, chilichonse cholira chimafuna oyilo. Malangizo a ankolowa muwalandire ndi manja awiri, koma muwasiye pomwepo pa siteji. Mkati mwa mota muli mawaya ndi timagetsi, si mokazingira tchipisi. Ndiye pali wina amene amaseka nkhani yonse: chisanu chanji ku Balaka? Ku Norway anthu amayendetsa njinga zomwezi madzi atauma gwa pamsewu, inu mukudandaula ndi kamphepo kongofuna juzi? Mnyamatayu ali ndi mfundo, koma theka lokha. Chisanu chathu sichiumitsa madzi, n'zoona. Koma chimakwanira kuulula chilema chimene chinalipo kale, chimene kutentha kwa masana kumachibisa.

Choyamba kuganiziridwa ndi girizi. Mamota ambiri a njinga zopepuka amakhala mu habu ya tayala, ndipo ali mitundu iwiri. Ena, akuluakulu ndi olemera, amazunguza tayala mwachindunji, ndipo mkati mwawo chimene chingathe n'kukhulana ndi mabering'i awiri basi. Ena, aang'ono, ali ndi kamota kothamanga kwambiri ndi timagiya titatu, kawirikawiri tapulasitiki wolimba wa nayiloni, timene timachepetsa liwiro kuti mphamvu ichuluke. Timagiyati timadalira girizi. Girizi wakale, wodya fumbi la msewu wa ku Nayuchi, akazizidwa amalimba, ndipo timano timayamba kulumana mouma mpaka mota itafunda. Ikafunda girizi afewa, phokoso litha, ndipo inu mufika kwa makanika muli wabodza. Bering'i yoyamba kutha imachitanso chimodzimodzi. Onjezaninso kuti zitsulo zimafota zikazizidwa, ndipo aluminiyamu wa chivundikiro cha mota amafota pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bering'i ndi ekiselo. Kusiyanako n'kochepa koti diso silingaone, koma khutu la munthu amene sanamalize kubweza ngongole ya njinga limamva.

Chachiwiri ndi mame, ndipo pamenepa ndi pamene amakanika athu ambiri, akatswiri a pisitoni ndi kabureta, amakanda mutu. Tsatirani chingwe chochokera mu mota mupeza pulagi. M'menemo muli mawaya atatu okhuthala, nthawi zambiri achikasu, obiriwira ndi abuluu, onyamula moto woyendetsa mota, komanso timawaya tina tating'ono. Tating'onoto timachokera ku timaso titatu ta mkati mwa mota totchedwa Hall sensor, dzina lochokera kwa Edwin Hall, wa ku America, amene anatulukira nzeru yake mu 1879. Ntchito ya timasoti ndi kuuza kabokosi kotchedwa controller pamene maginito afika, kuti katumize moto pa nthawi yake. Mame akalowa m'pulagi, kapena kapini kamodzi kakachita dzimbiri n'kumagunda mokayikira, uthengawo umafika wodukaduka. Controller imatumiza moto pa nthawi yolakwika, mota imanjenjemera n'kumabuma ponyamuka. Mwini wake amalumbira kuti mkati mwathyoka chitsulo, chonsecho palibe chathyoka. Dzuwa likaumitsa mame aja, mlandu watha. Anthu agulapo mota yatsopano chifukwa cha kadontho ka madzi.

Batire nayo imadana ndi chisanu. Kaya ndi ya 36V kapena ya 48V, ikazizidwa imatulutsa moto monyinyirika, ndipo pa chitunda mphamvu imatsika mwadzidzidzi mpaka controller kudula n'kuyatsanso, njinga n'kumachita ntchintchi. Mankhwala ake ndi kuigoneka m'nyumba. Koma chonde, agogo akakuuzani kuti muisendeze pafupi ndi mbaula iwothe nawo moto, akanizeni mwaulemu. Batire ya lithium ikapsa mtima sizima ndi ndowa imodzi, ndipo denga laudzu silidikira.

Palinso maginito, amene amamatidwa ndi guluu mkati mwa mota, ndipo limodzi likamatuka limakhula. Izi sizichitikachitika, koma ndazitchula chifukwa cha chibale. Maginito amenewa amapangidwa ndi neodymium, ndipo ambiri amachokera ku China. Koma neodymium yemweyo ali m'miyala ya m'phiri la Kangankunde, konkuno ku Balaka, kumene kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inalowa mu 2022. Kutanthauza kuti tsiku lina mwala wa kwathu udzakwera sitima, udzazungulira dziko, udzabwerera uli mu habu ya njinga pa mtengo woti mwini phiri agulitse mbuzi zonse, kenako udzayamba kulira m'mamawa pa msewu wa ku Phalula. Pamenepo sitidzatinso ndi matenda. Tidzati mwana wakumbuka kwawo.

Tsopano poti mboni ndi inu nokha, dzukani. Osati nthawi ya tiyi, koma nthawi imene matendawo amadzuka, tambala wachiwiri atangolira. Valani juzi, tulutsani njinga, ndipo muifunse mafunso limodzilimodzi. Loyamba ndi losavuta: zimitsani moto, mupalase ndi miyendo kapena mutsetsereke. Ngati kulira kulipobe, mota mwina mwangoinamizira. Yang'anani masipoko, chifukwa tayala lonyamula mota, thumba la mpunga wa ku Chilwa ndi apongozi pamwamba limamasula masipoko msanga, ndipo sipoko yomasuka imati "tiki, tiki" motsatira kuzungulira kwa tayala. Yang'anani mabuleki ngati akukhudza, madigadi ngati apindika, kaliyala ngati nati yake yathawa. Nthawi zambiri wakuba amapezeka pamenepa, ndipo chindapusa chake ndi sipanala.

Ngati kulira kumabwera pokhapokha mwapatsa moto, nyamulani tayala m'mwamba muyendetse lili lende, kenako muyese mutakwera. Kulira kosalala kokwera pamodzi ndi liwiro, kumene kumachepa mota ikafunda, kumaloza ku girizi, timagiya kapena bering'i. Kubuma ndi kunjenjemera ponyamuka kumaloza ku pulagi ndi timawaya. Chotsani batire kaye, zulani pulagi, muone ngati muli chinyezi kapena dzimbiri lobiriwira, muumitse, mubwezeretse mpaka ilowe yonse. Koma mukamva "gu" kamodzi ponyamuka ndi "gu" wina poima, nthabwala zithe, gwirani manati a ekiselo. Akamasuka, ekiselo imayamba kudya malo ake, ndipo tsiku limene idzazungulire yonse idzapotokola n'kudula mawaya amene amatulukira mkati mwake. Phokoso lina likhoza kudikira malipiro a mwezi, ili ayi.

Ndipo foni ija mumangojambulira maukwati ndi kutumizirana mauthenga a m'mawa wabwino, ipatseni ntchito. Jambulani kulirako kukadali kwamoyo. Makanika akadzafunsanso kuti ikumalira bwanji, simudzakunganso milomo pamaso pa ana a mandasi. Mudzangotulutsa foni, ndipo mudzaona nkhope yake ikusintha, chifukwa makanika wabwino akamva ndi khutu lake amadziwa potsekula. Mukhozanso kuigoneka njingayo kwa makanika kuti aiyese yekha m'mamawa, ngati mungam'peze wolola kudzuka nthawi imeneyo chifukwa cha m'mimba mwa munthu wina. Akapezeka, musam'taye, ndipo mukamupatse mwana wanu dzina lake.

Yeso lomaliza ndi limene limafuna kulimba mtima. Usiku umodzi njinga igone panja pakhonde, usiku wotsatira igone m'nyumba, kenako muyerekeze kulira kwa m'mawa. Ikagona m'nyumba n'kudzuka ili chete, mwagwira chisanu ndi mame. Vuto ndi lakuti nyumba zathu zilibe galaja, ndiye njinga igona pabalaza, pakati pa mipando imene ana saloledwa kukhalapo.

"Bambo a mwana, kodi mlendoyu tim'yalirenso mphasa?"

"Ayi mayi, ndi kafukufuku."

"Ine chaka chatha ndinatsokomola mwezi wathunthu, kafukufuku sindinamuone."

Funso limenelo controller siingakuyankhireni. Pitani nalo nokha.

Zikatere masiku amapita. Julayi atha, Ogasiti alowa ndi mphepo yake ya fumbi, usiku uyamba kufunda, ndipo m'mawa wina njinga inyamuka ili chete ngakhale simunaikhudze. Pa siteji pamakhala chikondwerero. Makanika ati ndi nati imene anamanga mwezi watha. Ankolo a thirakitala ati munathira oyilo mobisa, mukungochita manyazi kuvomera. Mnyamata wonena za nsanje uja ati amene anakuchitani chipongwe wasamukira ku Ntaja. Aliyense afuna Fanta yake, ndipo mwini njinga, amene akudziwa bwino kuti girizi uja sanasinthe, amawagulira onse.