Mfundo imene ndinamanga pa Domwe

Mayi a kunyumba nkhaniyi amaidziwa theka. Amadziwa kuti usipa unanyowa, koma sadziwa kuti anaunyowetsa ndine.

Munali mu Julaye, chiperoni chitakuta phiri la Ndirande. Ndinanyamula K150,000 imene iwo anakongola ku banki m'khonde, ulendo wokapikula usipa ku Msaka woti tizigulitsa pamsika wa Ndirande. Jekete ndinaisiya pamsomali poti kuno aliyense amati ku Mangochi n'kotentha.

Usipa ndinaupeza, matumba anayi, koma mtengo wa galimoto yokafika ku Monkey Bay unandiwawa. Pagombe panali boti lamatabwa la thanga losokedwa ndi masaka, lopita komweko kudzera ku Chembe. Mwini wake, bambo wa imvi, anayang'ana mitambo n'kunena kuti, "Achimwene, mwera wayandikira. Tigone, tiona mawa." Ndinawaumiriza mpaka kuwonjezera ndalama. Apo m'pamene ndinayambira kulakwa.

Poyamba mphepo inali kumsana, boti likuseseleka, chilumba cha Thumbi tinachidutsa dzuwa likupendeka. Titafika pampata wa pakati pa Domwe ndi mtunda, paja amati Ilala Gap, mwera unatiwomba kumaso. Bambo aja anabweza boti n'kukabisala kuseri kwa Domwe. Chilumbachi chili m'dera la Lake Malawi National Park, mudzi palibe, ndipo pamene tinaimapo panali miyala yokhayokha. Kunali kugona m'boti basi.

Bambo aja ndi mnyamata wawo ali kalikiliki kupinda thanga, anandiponyera nsonga ya chingwe cha nangula. "Mumatha kumanga mfundo?" Ndinati eya. Manyazi anandigwira kuti munthu wa m'tauni ndioneke mbuli pamaso pa mwana. Ndinamanga monga ndimangira thumba la makala panjinga.

Chisanu cha panyanja sichifanana ndi cha ku Ndirande. Kwathu umatsamira khoma, umayandikira mbaula. Kumeneko malaya anyowa, matabwa anyowa, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Mano akugundana, mnyamata uja anandifunditsa mbali ina ya thanga, yonunkha nsomba ndi utsi. Mumdimamo bambo aja anasimba za sitima ya Vipya imene inamira kumpoto pa 30 Julaye 1946 ndi anthu 145. Anati ngati mwera unagonjetsa chitsulo, thabwa ndi chiyani. Tulo tinandiba.

Ndinadzidzimuka madzi atandithira kumaso. Domwe anali chimthunzi chakuda kumbuyo kwathu, akucheperachepera, ife tikukankhidwira pakati pa nyanja. Nangula kunalibe, chingwe kunalibe. "Kapani madzi!" Ndinakapa ndi chigubu chodula mpaka zala kuuma, ndikutchula maina a ana anga mmodzimmodzi. Bambo aja anakweza kachigawo kochepa ka thanga n'kukakamira chiwongolero kuti mafunde asatimenye m'nthiti. Matumba awiri tinawaponya m'madzi kuti boti lipepuke.

Kutacha, asodzi a boti la injini anatiwona n'kutikokera ku Chembe. Tili m'njira, bambo aja anasisita mtanda umene ndinamangapo chingwe. Panalibe kachidutswa kotsalira, kusonyeza kuti sichinaduke, chinamasuka. Anandiyang'ana kamodzi. Asodzi atafunsa, anayankha kuti, "Chingwe chinali chakale." Nane ndinakhala chete, ndipo kunyumba ndinakanena zomwezo.

Ngongole ija mayi anaibweza pogulitsa mandasi miyezi isanu, kudzuka usiku kukazinga. Bambo aja anataya nangula, ndipo mwana wawo akanafera manyazi anga.

Mwezi watha ndinapita kwa owotcherera zitsulo pa Ndirande pompano, anandipangira nangula wa mano anayi. Ndagulanso chingwe chatsopano. Zili pansi pa bedi, ndipo mayi afunsa kawiri kuti chitsulocho n'chachiyani. Loweruka ndikwera basi ya ku Monkey Bay, koma Lachisanu madzulo, ana akagona, ndiyamba ndawauza mayi.